Tsiku Limene a Mwachidule Anasowa Chonena

Dzina lakuti a Mwachidule sanabadwe nalo. Analitola pasukulu imene ankaphunzitsa asanachoke kwawo, chifukwa pamsonkhano uliwonse wa aphunzitsi akaimirira ankayamba ndi mawu akuti, "Ine, mwachidule," ndipo aliyense ankadziwiratu kuti tiyi azizira, belu lilira, ana aweruka, mkuluyu adakali pa mfundo yoyamba. Ndiye tangoganizani, munthu ameneyu atapeza mwayi wa maphunziro apamwamba kunja, mutu wa kafukufuku umene anasankha unali wa mmene mphunzitsi angaperekere mpata kwa ana kuti azilankhula m'kalasi. Anzawo atamva anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kunjako ankakhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa shopu yokonzera njinga. Bedi, tebulo, mbaula yamagetsi ndi wodilopu zinali zitapanikizana moti munthu potsegula chitseko ankayamba wapepesa mpando. Masiku atatu pa sabata ankaphunzitsa masamu pasekondale ina kumene basi imathera, masiku awiri ankakhala mwana wasukulu kuyunivesite. Zithunzi zotumiza kwawo ankajambulitsa pamasitepe a laibulale, tayi ili pakhosi, buku lalikulu kukhwapa. Za pamalo oyembekezera basi, pamene ankanjenjemera ndi chisanu mamina ali chuchuchu, palibe anaziona.

Anapita ndi akazi awo. Mayiwa kwawo anagwira ntchito yotaipa kukhoti zaka khumi ndi ziwiri, koma kuno ankapinda nsalu zapabedi kochapira zovala pachipatala, kuyambira mmamawa mpaka masana. A Mwachidule ankakonda kuwayamikira pagulu. "Mayi athuwa ndi ofatsa, si olankhulalankhula ayi," ankatero, ndipo ankafotokoza kufatsako kwa theka la ola, mayiwo ali pambali akuyang'ana nsapato zawo.

Woyang'anira kafukufuku wawo anali Pulofesa wina wamkazi, wamfupi, wa imvi, wobwera kuntchito panjinga. Atawerenga machaputala atatu onenepa bwino, anawakankhira pambali.

"Zonena za anthu ena zakwana," anatero Pulofesa. "Tsopano ndikufuna umboni wa m'kalasi mwanu." Anawapatsa kamakina kojambulira mawu, kakang'ono ngati bokosi la machesi. "Mujambule maphunziro asanu, mulembe liwu lililonse, muwerenge mphindi zimene mwalankhula inu ndi zimene alankhula ana. Komiti ikapanda kuona umboni mwezi uno, maphunziro anu athera pomwepa, ndi chilolezo chokhalira kuno chomwe."

A Mwachidule sanade nkhawa. Kodi si iwo amene analemba masamba zana limodzi pa nkhani yomweyi? Ntchito yotaipa anaipereka kwa akazi awo, poti iwo pakompyuta ankajompha ndi zala ziwiri ngati nkhuku. Mayiwo akaweruka ankakhala patebulo, timahedifoni m'makutu, zala zikuthamanga, kumvetsera amuna awo kachiwiri.

Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Phunziro loyamba, pa mphindi makumi anayi ndi zisanu, mphunzitsi anatenga makumi anayi ndi zitatu. Zotsalazo zinapita ku kukoka mipando, kupatula mtsikana mmodzi amene anapempha kupita kuchimbudzi. Phunziro lachiwiri a Mwachidule anafunsa mafunso khumi ndi anayi, onse n'kuyankha okha, ena n'kudziyamikira kuti ayankha bwino. Phunziro lachitatu anathera mphindi makumi awiri akufotokozera anawo ubwino wolankhula m'kalasi.

"Bambo, apa pali mwana wakhosomola," anatero mayiwo tsiku lina, hedifoni imodzi ili m'manja. "Ndilembe ngati walankhula?"

A Mwachidule anaganiza ndithu, chala pachibwano. "Wakhosomola nthawi yaitali bwanji?"

Pulofesa ataona manambalawo anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Ndikuchitirani chifundo," anatero. "Mundibweretsere chojambula chimodzi chokha, chimene munthu wina akulankhula mphindi zisanu inu osamudula. Chimodzi. Pofika Lachisanu likubwerali."

Sabata imeneyo a Mwachidule mutu unaima. Ankayendayenda m'kachipindako, masitepe atatu kupita, atatu kubwerera, akudandaula za ana a masiku ano opanda mfundo m'mutu. Lolemba masana mayiwo anaima pafupi ndi mbaula, foni ili m'manja, maso ali ofiira.

"Bambo, achemwali aimba. Akuti amayi..."

"Apongozi? Muwauze asadandaule, chaka chamawa tikubwera ndi gauni. Paja anthu kwathu sadziwa kuti digiri si chinthu chongothyola mumtengo. Mwachidule, mayi, maphunziro ali ndi magawo atatu." Magawowo anatha chakudya chitapsa, chitadyedwa, mbale zitatsukidwa.

Lachiwiri mayiwo anayesanso. "Bambo, ndimati mudziwe kuti Lachinayi..."

"Lachinayi ndikulidziwa, ndi tsiku lotaipa chojambula chomaliza. Musachite kundikumbutsa ngati mwana."

Lachitatu mmawa a Mwachidule anapeza mayiwo akutsitsa sutikesi pamwamba pa wodilopu. Mayiwo asanamalize liwu loyamba, anawayamikira kwambiri, nati fumbi la pamenepo ndi limene limawayambitsa chimfine, ndipo anatuluka akufotokozabe za fumbi mpaka pamasitepe.

Tsiku limenelo analowa m'kalasi atatsimikiza mtima. Anaika kamakina patebulo, naponya switi mkamwa kuti lilime likhale ndi ntchito ina, naloza mnyamata wamtali wa kumbuyo kuti afotokoze mmene anapezera yankho. Mnyamatayo anadzidzimuka, poti chaka chonse anali asanafunsidwepo kanthu. Anaimirira, nayamba, "Ndinatenga nambala iyi..."

"Eya! Watenga nambala! Tsono taonani chimene mnzanuyu akufuna kunena." Switi anaitafuna kamodzi, khwaa, ndipo belu linawapeza ali pabolodi, choko chili mbuu mpaka m'zigongono.

Lachinayi mmawa anasiya kamakinako patebulo. "Mutaipe, mayi, mwina mukafufuza bwino mupezamo kenakake." Sanadabwe kuti mayiwo sanapite kuntchito, kapena kuti avala diresi lawo la kutchalitchi pakati pa sabata.

Anabwerera dzuwa likupendeka. Chipinda chinali chosesedwa bwino, bedi loyalidwa, malaya awo asanu ositidwa atapachikidwa pa chitseko cha wodilopu. Sutikesi panalibe. Patebulo panali kamakina kaja, makiyi, ndi kapepala kolembedwa kuti: "Chojambula chomaliza. Ichi mutaipe nokha."

Anadina batani. Munamveka kukoka mpando, kenako mawu a akazi awo, odekha, osathamanga.

"Bambo, ndine. Amayi anagwa kubafa masabata atatu apitawo, koma ine ndamva Lolemba lomweli; mbali imodzi yonse inafa, salankhula. Achemwali ali okha, akuwatembenuza okha, akuwasambitsa okha. Ndege yanga ikunyamuka masana ano. Ndinayesa kukuuzani Lolemba, Lachiwiri, ndi dzulo."

"Koma mayi, nkhani ngati imeneyi mukanayenera..." anayamba a Mwachidule, chala chili m'mwamba.

Kamakinako sikanawadikire. Kanapitiriza, ndipo mawu awo anagwera pansi okha. Aka kanali koyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ukwati kuti adule mawu akazi awo, akaziwo osaima.

"Kukhoti kuja ndinataipa milandu yambiri," mawuwo anapitiriza. "Ngakhale wakuba nkhuku, asanamugamule, ankamufunsa ngati ali ndi mawu. Ine simunandifunsepo. Za kubwera kuno ndinamvera limodzi ndi alendo pachakudya. Manja angawa anasweka ndi mankhwala ochapira, munandiuza mbiri ya sopo. Sindinakwiye, bambo, ndatopa chabe. Mwezi uno ndakhala ndikukumverani kawiri patsiku, pamaso ndi m'mahedifoni, ndipo anawo ndawamvera chisoni, koma iwo ali ndi belu."

Ananena zambiri. Za mwana amene anapita padera chaka chachiwiri cha ukwati, ndi dzina limene anamusungira mumtima osauza munthu. Za mayi wina wa kochapira, amene samva bwino chinenero chawo koma amakhala nawo pabenchi n'kumangogwedeza mutu, ndipo zimenezo zimawakwanira. Za mayi awo, amene tsopano sangayankhe kanthu koma akuti maso amatsata munthu akamalankhula. Pena ankaima nthawi yaitali, kumveka kupuma kokha ndi phokoso la nyundo kuchokera kushopu ya njinga, ndipo mpatawo unkakhala wopanda woulanda.

"Za kubwerera sindikudziwa. Apa ndayang'ana wotchi: ine mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi, inu palibe. Paja a Pulofesa amafuna zisanu zokha. Kawapatseni."

A Mwachidule anakhala pampando jekete lili m'thupi. Kenako, poti kapepala kanalamula, anatsegula kompyuta. Ndi zala ziwiri zija sakanatha kuthamanga, choncho chiganizo chilichonse ankachibwereza katatu, kanayi, kuti asaphonye liwu. Dzina la mwana uja analimva kasanu asanalilembe bwino. Pamenepo analira, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu, tayi ikunyowa.

Lachisanu anafika ku ofesi ya Pulofesa nthawi isanakwane. Masamba asanu ndi awiri anali m'thumba la mkati la jekete, kamakina kali m'thumba lina. Umboni unalipo, woposa umene anapemphedwa kasanu, ndipo Pulofesa sakanafunika kumva chinenerocho kuti awerenge mphindi. Koma kuupereka kunali kuika misozi ya akazi awo patebulo la komiti kuti iwo avale gauni, ndipo dzanja linakana kulowa m'thumba.

"Mwabweretsa?" anafunsa Pulofesa.

A Mwachidule anakonza kukhosi monga mwa masiku onse. "Ine, mwachidule," anatero. Pulofesa anatsamira kumpando n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma, monga munthu wodziwa ulendo umene wayambika.

"Akazi anga apita."

Pulofesa anadikira, cholembera chili m'manja, kuti amve zotsatira. Anadikira mphindi yathunthu. Panalibe zotsatira.