Pomwe Mbale ya Bambo Inkakakamira

Galamafoni ya bambo inkalira ngati munthu akukazinga chimanga m'phale. Nyimbo inalimo ndithu, koma umachita kuifunafuna pansi pa kuthetheka. Bambo anali mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo kwathu kufupi ndi Nsaru, ndipo mbale yomwe ankaikonda inali ya rumba, yobisidwa m'chikuto cha mbale ya kwaya. Abusa akabwera kudzacheza ankayamikira chikutocho.

Chaka chomwe mayi anatisiya, bambo anadwala matenda ofa ziwalo, mwendo wakumanzere n'kulemera. Kuchipatala ku Kabudula anatiuza mosabisa kuti akapanda kumayenda pang'ono tsiku lililonse, mwendowo uuma ndipo pampando sadzachokaponso. Amene ankawasamalira anali achemwali anga aakulu. Ine ndinali mtauni, ndipo udindo wanga unali wopereka malangizo pafoni, ntchito yomwe ndimaitha kwabasi.

Nditapita kukawaona ndinapeza galamafoni ikulira pa batire la sola, ndipo ndinagwira m'mutu. Pamkono wonyamula singano bambo anamatapo ndalama yachitsulo yakalekale kuti singano isamadumphe. Mbale ankapukuta ndi kampango ka m'thumba komwe ankapukutira thukuta. Ndiye pakati pa nyimbo yachiwiri mbaleyo inakakamira, woyimba n'kumangobwereza mawu amodzimodzi. Ndinati ndidzuke, achemwali anandiponda phazi. Bambo anadzuka okha akung'ung'udza, n'kukwekweretsa mwendo mpaka pakabati pomwe pankakhala galamafoniyo, n'kuigunda ndi chibakera. Nyimbo inapitirira. Mtima unandiwawa. Munthu wodwala kumavutika chonchi chifukwa cha kachipangizo kotha ntchito!

“Mukuzipha mbale izi,” ndinatero titatuluka panja. “Ndalama pasingano? Kumenekutu ndi kulima, si kuyimba.”

Achemwali ankasenda mtedza ndipo sanadzutse n'komwe mutu. “Zisiye momwe zililimo, iwe.”

“Inu zinthu izi simuzidziwa.”

“Eya, odziwa afika.”

Kutauni ndinawerenga pafoni masabata awiri. Ndinaphunzira kuti kabokosi kogwira singano kaja amakatcha katiriji, ndipo kalipo ka mitundu iwiri: kamaginito, ndi kachikale ka seramiki. Akatswiri a pa intaneti, anthu okhala m'nyumba zosadziwa fumbi la fodya, onse ankati munthu wodzilemekeza amagula kamaginito. Ine ndine wodzilemekeza. Ndinapita kwa mkulu wina wokonza mawailesi mumsika, ndipo iye anandichenjeza.

“Bwana, chilimba chakale ngati chimenecho sichimva zamaginito. Mawu ake atuluka ochepa.”

Ndinamuyang'ana momwe munthu wowerenga amayang'anira munthu wongogwira ntchito ndi manja, n'kugula kamaginito komweko. Minibasi, kenako kabaza wanjinga yamoto, mpaka kumudzi. Nditalumikiza timawaya take, rumba inatuluka monong'ona ngati miseche ya pamaliro. Achemwali anafunsa ngati woyimbayo nayenso wadwala. Ndinabwerera kumsika kuja, mkulu uja sanandiseke, zomwe zinandipweteka koposa. Anangondipatsa kachikale kokhala ndi singano yatsopano.

Ulendo wachitatu ndinagwira ntchito yooneka, ndisaname. Ndinamatula ndalama ija. Ndinatsuka mbale ndi madzi amvula osefa ndi kadontho kamodzi ka sopo, nsalu yofewa ikutsata mizere mozungulira, n'kuyanika pamthunzi. Kabati inkapendekeka, ndinaiikira kapepala kuphazi. Pomwe mbale inkakakamira paja ndinapezapo kadontho kouma ka phula la kandulo, ndipo ndinakatokosa pang'onopang'ono ndi munga mpaka kanachoka. Achemwali nthawi imeneyo anali kudimba.

Abale inu, nyimbo inatuluka yoyera mbee! Ndinamva gitala yemwe sindinkadziwa kuti alimo. Titafika pamalo paja ndinaona dzanja la bambo litagwira kale mkono wa mpando, kukonzeka kudzuka. Woyimba anangodutsa. Dzanja lija linabwerera pamwendo.

“Yadutsa,” anatero bambo.

Ine ndinamva ngati andiyamikira. Ndinakwera kabaza madzulo omwewo, ndipo kuntchito aliyense anaimva nkhaniyi, ena kawiri.

Patatha masabata atatu achemwali anaimba foni. “Bwera udzaone ntchito yako.”

Ndinawapeza bambo pampando pomwe paja, mapazi atatupa, rumba ikulira bwinobwino mpaka kumapeto, galamafoni n'kudzizimitsa yokha. Achemwali anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

“Ndikawauza kuti yendani, amandiyankha kuti iwe si dokotala. Ndodo yawo yoyendera anaiponya kudenga. Chinthu chokhacho chomwe chinkawadzutsa ndi mbale ija. Ndinkaiika, n'kutuluka, n'kukhala ngati sindikumva. Kasanu patsiku ankafika pakabati paja ndi miyendo yawo. Kodi iwe unkayesa kandulo inakwera yokha pakabati? Phula lija ndinadonthezapo ndine!”

“Bwanji osandiuza?”

“Unafunsa? Si unati sindidziwa zinthu izi, eti?”

Ndinachita manyazi. Mantha nawo anandigwira, chifukwa masabata atatu ndi ambiri kwa mwendo wotero.

Bambo atayamba kusinza, ndinatulutsa mbale ija. Ndinayatsa kandulo dzuwa lili paliwombo, n'kufunafuna mzere womwe ndinautokosa ndi munga uja. Ine amene ndinasefa madzi amvula ndinadontheza phula pambale ndi dzanja langa, achemwali akundilangiza kuti kadontho kakula, ndichepetse.

Atadzuka tinawaikira nyimbo, ife n'kukaima panja kuseri kwa windo. Nyimbo yoyamba inatha. Yachiwiri inafika pakati, woyimba n'kukakamira.

“Kodi m'nyumba muno mulibe anthu?” anakuwa bambo.

Ndinasuntha phazi, achemwali anandigwira malaya. Woyimba anabwereza, anabwereza. M'kati munali zii. Ndinayamba kuganiza kuti basi, ndawaumitsa bambo anga chifukwa chofuna kumva gitala.

Kenako mpando unalira. Tinamva phazi limodzi likuponda, linalo likukwekwereka pasimenti, kuima, kupumira, kukwekwerekanso. Zinatenga nthawi yaitali kuposa kale. Pomaliza chibakera chinagunda kabati, rumba n'kupitirira. Achemwali anakhala pansi pomwepo, chitenje chili kumaso.

“Ana ophunzira!” bambo ankalalata akupumira m'mwamba. “Maulendo atatu kuchokera kutauni, chinthu chake osatha n'komwe mwezi. Amene uja sadziwa ntchito!”

Ndinasuzumira pawindo. Anali chiimire, dzanja lili pakabati.

“Pepani bambo,” ndinatero. “Zoonadi, yandikanika.”