Kapuleni ka a Eliyamu

Che Uladi a pa Ulongwe atabwerako ku Joni mu 1968, abale awo anayembekeza njinga ndi wailesi. Koma m'bokosi lomwe anatsika nalo m'basi munali sowo, hamala, tupa, matchizulo atatu ndi puleni yaikulu yopalira matabwa. Anthu anaseka. Iwo anangomanga chisakasa pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kukhoma zitseko ndi mabenchi.

Anali munthu wa changu. Akapala thabwa pamwamba, basi ntchito yatha. M'mphepete ankangomusiya mwakuthwa, amvekere, "Munthu amakhala pamwamba, sakhala m'mbali."

Chaka chimene madzi anasefukira m'madimba, akazi awo, Abiti Chande, anayamba kuona ngati utsi. Pofika nthawi yokolola maso anali atatheratu. Mayiwa sanalole kukhala pansi. Ankayendabe m'nyumba mofufuza ndi manja, mpaka tsiku lina anagunda benchi n'kung'ambika msongolo. Chilondacho chinatenga miyezi iwiri. Che Uladi akamachitsuka, ankadziwa kuti benchilo analipanga ndi iwo omwe.

Anayesa kusalaza ngodya za mipando ndi puleni yawo, koma inali yolemera, inkangobenthula thabwa. Tupa nayo inkasiya mizere. Kutsidya kwa msewu kunkakhala a Eliyamu, mkulu wa mpingo amene anagwira ukalipentala kumishoni mpaka manja atayamba kunjenjemera. Iwo anaona zonsezi, ndipo m'mawa wina anabwera ndi kapuleni kokwana m'chikhatho, atakakulunga m'kansalu.

"Kameneka n'kophera ngodya. Mukapendeketse pang'ono, musakakankhe ndi mphamvu."

"Nanga ndikupatsani chiyani, achimwene?"

"Iyayi. Kwa ine kakungochita dzimbiri."

Sabata yonse Che Uladi sanalandire ntchito ya munthu. Anayenda nako kapuleniko nyumba yonse: mabenchi, tebulo, miyendo ya bedi, mafelemu a zitseko, ngakhale chotsekera cha khola la nkhunda. Abiti Chande ankatsatira pambuyo akusisita ndi zala. Akapeza pakuthwa ankangoti, "Apa mwadumpha," amuna awo n'kubwerera.

Kuyambira pamenepo dzanja lawo linafatsa. Chitseko chimene kale chinkatha tsiku limodzi chinayamba kutenga awiri. Ena anadandaula n'kupita kwina, koma amayi a ana aang'ono ankachokera mpaka ku Balaka kudzafuna mipando yawo.

Chikondwerero cha Idi chikafika, Che Uladi ankawoloka msewu kupita kwa a Eliyamu ndi mbale ya mpunga ndi nkhuku, akazi awo atawagwira mkono. A Eliyamu atamwalira mu 1983, Che Uladi ndi amene anakhoma bokosi lawo, la mlombwa, ngakhale kuti Asilamu anzawo saika maliro m'bokosi. Anasalaza ngodya zake zonse kuti onyamula asapweteke m'mapewa, ndipo anaperekeza mnzawoyo mpaka pakhomo la tchalitchi.