Mphuno ya a Petro Opha Mbuzi

A Petro akhala akupha mbuzi pamsika wa Thambani zaka makumi awiri ndi zitatu. Ine ndimasoka nsapato moyang'anizana ndi benchi yawo, ndiye ndimawaona tsiku lililonse.

Sikelo anali nayo, koma chida chawo chenicheni chinali mphuno. Nyama yogona ankaiyandikiza kumaso kamodzi kokha, n'kunena kuti, "Iyi ya anthu," kapena, "Iyi ya agalu." Sanaphonyepo.

Chaka chatha anayamba kupumira kukamwa. Chimfine chosatha, mawu ngati akulankhulira m'chitini. Kenako ndinaona kuti nyama akuinunkhiza kawiri, katatu, maso ali uku ndi uku. Tsiku lina mayi wina anabweza mwendo wa mbuzi atatseka mphuno ndi chitenje.

"A Petro, mukufuna kutimaliza? Iyi ngakhale ntchentche zikuithawa!"

Iwo anaununkhiza mwendowo. Nkhope yawo sinasinthe. Apo ndinadziwa kuti sakumva kanthu.

Akazi awo, mayi Iness, anawakokera kuchipatala ku Boma. Adokotala anawaunika ndi tochi n'kunena kuti m'mphunomo mwamera tinyama tofewa, totseka njira ya mpweya. Anati si khansa. Anawapatsa mankhwala opopera, n'kuti tinyamato tikapanda kuphwa akatichotse ku Blantyre.

Mawu oti tinyama ndi amene anawasowetsa mtendere. Akabaza pamsika ankakuwa, "A Petro, ya m'mphunoyo kilo ndi zingati?" Iwo ankaseka nawo. Koma masana ena anabwera kudzakhala pampando wanga, nsapato yoti ndisoke alibe.

"Achimwene, mbuzi zonse ndaphazi... si nyama yake imene yandibwererayi?"

"Adokotala anati chiyani?"

"Anati timamera mwa aliyense, ngakhale mwa aphunzitsi."

"Ndiye gwirani amenewo."

"Nanga akakachotsa, fungo osabwerera, ndidzagulitsa bwanji?"

Ndinapitiriza kusoka.

Mankhwala aja sanathandize kwenikweni. Mu Juni anapita ku Blantyre, ndipo anawachita opaleshoni. Mpweya ukudutsa tsopano. Za fungo anawauza kuti adikire: kwa ena limabwerera, kwa ena ayi, ndipo tinyamato timatha kumeranso.

Ogula ambiri asamukira kwa Sankhani, amene amapha mbuzi kumapeto kwa msika. A Petro tsopano amapha kambuzi kamodzi, koti kathe tsiku lomwelo. Nyama ikatsala, m'mawa mayi Iness amawerama pabenchi ngati akupukuta, n'kuinunkhiza, kenako n'kugwedeza mutu kapena kupukusa. Anthu sadziwa. Ine ndimaona.

Dzulo mayi Iness anapita kumaliro kwa Kanduku, akakhalako masiku atatu. Nyama inatsala, nthiti ndi mwendo. M'mawa uno a Petro anaiika pabenchi n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandikodola. Ndinaika nsapato pansi n'kuwoloka msewu.