Madzi Oyamba a M'beseni

"Kodi Tadala wanuyu bwanji amapendeketsa mutu munthu ukamamuyankhula?" Anandifunsa choncho a Nabanda, oyandikana nawo nyumba, tikuswa mtedza pakhonde. Ndinawayankha mwachidule, koma nkhani yake yonse ndi iyi.

Ntchito ya ku parishi anandipezera ndi amayi a mumphakati wathu, ataona kuti Misa ya m'mawa sindijomba. Tadala anali ndi zaka ziwiri, ndipo ndinkapita naye. Ndinkasesa m'tchalitchi, kupukuta mabenchi, kenako kuchapa nsalu za paguwa n'kuzisita ndi simbi ya makala. Belu la masana likalira ndinkasiya chilichonse n'kupemphera pomwepo, thovu lili m'manja.

Tsiku loyamba a Sisitere oyang'anira ziwiya za Misa anandiphunzitsa lamulo limodzi. Tinsalu topukutira chikho sitichapidwa ngati matewera. Timayamba tanyikidwa m'beseni lakelake, m'madzi opanda sopo, chifukwa mumatsalira Magazi a Ambuye. Madzi oyambawo sutaya m'ngalande. Umakawathira m'nthaka kuseri kwa tchalitchi, pamalo posapondedwa. "Musamasewere nawo madzi amenewa, Nagama," anatero. Beseni limenelo ndinkalinyamula ndi manja awiri, mosamala kwambiri.

Lolemba lina mphepo ya m'mapiri muno inagwetsa nsalu yaikulu pachingwe. Ndinatsitsa beseni pansi kuti ndikaitole isanade. Pobwera ndinapeza Tadala atagwada, kukamwa kuli m'madzi, akumwa ngati kamwana ka mbuzi.

Sindinauze munthu, ngakhale bambo ake. Lachiwiri thupi lake linatentha. Mumtima ndinati basi, chilango chija chafika, mwana wosalandira Ukaristia wamwa zopatulika chifukwa cha ine. Kuchipatala ndikanena kuti chiyani? Jakisoni angazimitse mkwiyo wa Mulungu? Ndinam'bereka n'kupita naye kuntchito, tsache dzanja ili, kolona dzanja linalo. Lachitatu chimodzimodzi. Kumsana kunkandiwotcha ngati ndabereka mbaula, koma a Sisitere atafunsa ndinati ndi mano akumera.

Lachinayi m'mawa, Misa ili mkati, ndinamva mwana akuuma kumsanaku. Nditam'tsitsa, maso anali atatembenuka. Ndinathamangira panja, a Sisitere pambuyo panga. Ndinagwada pafumbi n'kuulula zonse.

"Mayi inu," anatero atandigwira phewa, "Magazi a Ambuye sapha mwana. Amapha ndi malungo. Dzukani."

Anaitana njinga yamoto, tinatsetsereka mpaka kuchipatala cha Mtengowanthenga. Anamwino anandifunsa kuti kutenthaku kunayamba liti. Nditati Lachiwiri, anangopitiriza kufunafuna mtsempha pa kadzanja ka Tadala. Anali malungo aakulu, ofika kumutu. Tinagona m'chipatalamo sabata ziwiri.

Nditapita kukalapa, Bambo Mfumu anandiuza kuti madzi aja timawasamala chifukwa cha ulemu, osati chifukwa ndi poizoni, ndipo kuti Mwini nyumba imene ndinkasesa ndi yemwe uja ankaitana ana kuti abwere kwa Iye. Zimenezo ndinazisunga. Misa ya m'mawa ndimapitabe, ndipo mwana akangotentha thupi, kolona ndimapempherera panjira ya kuchipatala.

A Sisitere anandidikira, koma Tadala ankafunika kum'samalira pakhomo, ndiye ntchito anapatsa wina. Zimene ndinataya n'zitatu: masiku awiri amene ndinakhala chete, ntchito ija, ndi khutu lakumanzere la mwana wanga, lomwe silimvanso.