Mayi a Agogo Odeti, Onyamula Buledi

Ndikakumbukira Agogo Odeti, ndimamva fungo la anyezi wokazinga mu batala, lomwe linkadzaza masitepe a fulati yathu, m'nyumba yosanjikiza ya ku Lewisham, kudziko la Angelezi. Anali mayi wokalamba wa ku France, khomo lawo loyang'anizana ndi lathu, ndipo ankandisunga amayi anga akapita kukagwira ntchito ya unamwino kuchipatala.

Analibe chithunzi cha mayi awo. Mayiwo anamwalira iwo ali mtsikana, ndipo zithunzi zonse zinapsa pa nkhondo. Chomwe ankadziwa n'chakuti tsiku lina mayi awo anajambulidwa nawo m'gulu la anthu a pamsika, atanyamula dengu la buledi, mu filimu ya kale yopanda mawu yochokera m'buku lina lotchuka.

"Ojambula anawauza kuti asayang'ane kamera," Agogo ankatero akuseka. "Koma mayi anga sankauzidwa zochita."

Loweruka lina masana, chisanu chitangoyamba, ine, amayi ndi Agogo tinakwera basi kupita kuholo komwe ankaonetsa filimuyo. Akatswiri anali atapeza zidutswa za filimuyo m'mayiko osiyanasiyana, n'kuzitsuka ndi kuzilumikiza. Koma anachenjeza kuti mbali zina zinawola, sizinapezeke. Ulendo wonse Agogo ankangofinya magolovesi awo.

Muholo munali zii. Kunkangomveka piyano ya bambo wina kutsogolo. Filimu inali yaitali kwabasi: anthu a zipewa zazitali akuthamangitsana, akulira, milomo ikugwedera popanda liwu. Amayi, omwe anali asanapumule chichokereni kuntchito, ankawodzera. Msika sunkaoneka.

Kenaka unatulukira. Ngolo, nkhuku, khamu la anthu, chithunzi chikuthwanima ngati kukugwa mvula. Mzimayi wina wa dengu anadutsa, n'kuima, n'kutembenuka. Anatiyang'ana tonse m'maso, akumwetulira mwa chipongwe.

"Mayi anga!" Agogo anandigwira dzanja mpaka kuwawa.

Amayi anadzidzimuka, n'kuona misozi ya Agogo. Sanaganize kawiri. Anaimirira n'kuimba nthungululu, yeniyeni ya pa ukwati kwathu ku Ntcheu. Wa piyano anaphonya nyimbo. Ine ndinalakalaka kulowa pansi pa mpando.

"Amayi, khalani pansi, anthu akutiyang'ana!"

"Ayang'ane! Munthu waona mayi ake, ndikhale chete ngati tili pamaliro?"

Agogo anatembenukira anthu aja, akuseka uku akulira, n'kuwauza m'Chingelezi kuti wa buledi uja ndi mayi awo. Wina kumbuyo anaomba m'manja, kenaka holo yonse.

Lero filimuyo ndili nayo kunyumba, ndipo ana anga amadziwa pomwe ndimaiimitsa. Koma chomwe sichichoka m'makutu mwanga ndi cha m'mawa wotsatira. Amayi anandituma kukapereka mandasi kwa Agogo. Ndisanagogode, ndinamva kaphokoso kachilendo m'kati, kakudukaduka ngati tambala wongophunzira kulira. Agogo ankayeserera nthungululu. Ndinakhala pa sitepe, mbale ili pamiyendo, kudikira kuti amalize.