Ndinadetsa Madzi a Che Bakali

Inu owerenga, ine ndimatha kunenerera mtengo wa matemba mpaka msodzi kundipatsa ndi thumba lomwe. Koma kuchenjera kwangako n'kwapakamwa basi. Ndinaphetsa munthu chifukwa cha ulesi ndi manyazi.

Ndinaganiza zozemba anzanga ogula nsomba pa doko la Kachulu, ndikagule m'nyanja momwemo. Che Bakali, msodzi wachikulire wa kwa Mwambo, ananditenga pa bwato lawo. Mwera utakula tinakocheza pa chimbowera, kachisumbu koyandama ka udzu ndi bango komwe asodzi amamangapo zisakasa. Eni ake anali atasamuka kalekale. Chingwe chinaduka, bwato n'kupita ndi mphepo, foni yanga ili momwemo. Tinatsala awiriwiri ndi poto, machesi ndi kaufa pang'ono.

Tsiku lomwelo Che Bakali anaika lamulo. Madzi akumwa tizitunga mbali yochokera mphepo, n'kuwiritsa. Kudzithandiza, kumapeto kwinako. Sopo panalibe, ndiye m'manja tinkasamba ndi phulusa. Iwo asanaswali ankatawasa bwinobwino, nkhope, mikono, mapazi. Ine n'kumaseka: "Madala, mukutchenera ndani kuno, akakowa?" Anangoti, "Mwananga, kuno dokotala ndi manja akowo."

Chimene sindinawauze n'chakuti ndinachoka kumtunda m'mimba mukubwadamuka kale. Tsiku lachiwiri ndinayamba kutsegula. Kumapeto anandilozera kuja kunali kotitimira, bango n'kumacheka miyendo, ndiye iwo akangolowa m'chisakasa ndinkanjuta pafupi, potungira madzi pomwe paja. Ndinkati nyanja ndi yaikulu, isungunula. Bango louma losonkhera moto litatha tinayamba kumwa madzi osawiritsa. Iwo ankamwa mtima uli m'malo, pokhulupirira kuti mbali imeneyo ndi yoyera.

Tsiku lachinayi anagwa. Maso analowa m'kati, mawu n'kusasa. Mawa lake asodzi ena anatipeza. Ine achipatala anati ndi kolera, ndinachira ndi madiripu. Che Bakali anatsirizikira m'bwato la asodziwo, doko likuoneka apo. Mawu awo omaliza anali ondipepesa, ati mwina ndi iwo anandipatsira.

Ku maliro ndinanyamula nawo jeneza, pakamwa nditatseka. Mpaka lero ana awo amandithokoza kuti sindinawasiye okha bambo awo.

Inu owerenga, mukakhala pamalo othina ndi mnzanu, m'mimba mukavuta nenani msanga. Pitani kutali kumene mwagwirizanako, bango likucheke likucheke. Mnzanu angasambe kasanu pa tsiku, koma madzi amene akumwa ndi omwe inu mwamusiyira.