Bwana wa Linga la Kumalire

Chaka changa choyamba cha unamwino ku England, cholembera changa chinatsala pang'ono kutsekeretsa mkulu wina kunyumba yosungira okalamba. Mpaka lero ndikakumbukira, thupi limachita tsembwe.

Ndinkakhala ku Handsworth, n'kumakwera mabasi awiri popita kuntchito. Mu wodi yathu munagonekedwa bambo wachikulire amene anathyoka fupa la m'chiuno atagwa pamasitepe. Ankakhala yekha. Madokotala anati ngati mutu wake ukuyenda bwino abwerera kwawo, apo ayi apita kwa okalamba.

Ine ndi kakamwa kanga ka ku Dedza sindingasambitse munthu osamufunsa za kwawo. "Kunyumba mwasiyako ndani, bambo?"

"Ndasiya bwana wanga m'ndende," anatero. "Amugwira kunkhondo. Linga akulisunga ndi mkazi wake, ndipo asilikali atsala ochepa. Ndiyenera kubwerera msanga."

Tsiku lililonse nkhani inali yomweyo. Akuti bwanayo anachoka ku France ali wosakwatira, poti kwawo malo onse anatenga ndi mkulu wake. Anasokerera mtanda pamalaya n'kupita kukamenyera Yerusalemu. Kumeneko anamupatsa linga lakumalire, kutali ndi anzake, adani ali tsidya la mtsinje. Anakwatira mkazi wa komweko, n'kumaweruza milandu ya zitsime ndi minda ya mphesa, koma kugona kwake kunali kwa khutu limodzi. Mkuluyo ankafotokoza izi misozi ili lengelenge.

Kwathu munthu akayamba kudandaulira anthu osaoneka, timadziwa kuti mutu wayamba kubalalika. Komanso kuno anali atandiuza kuti chimene sunalembe ndiye kuti sichinachitike. Ndiye ine, wofuna kuoneka wakhama, ndinalemba kuti confused, kutanthauza kuti mutu wabalalika, masiku anayi otsatizana. Anzanga a mashifiti ena ataona, nawonso anangotsatira. Mafomu omupititsa kwa okalamba anayamba kuyenda.

Lachisanu m'mawa anandituma kukalemba katundu wake, kukonzekera kusamuka. Nditatsegula chikwama chake chachikopa, mayo ine! Mapepala otayipa mulu wonse, mamapu, zithunzi za bwinja la linga paphiri louma. Mkuluyo anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ankalemba buku la munthu amene anamwalira zaka mazanamazana zapitazo. Tsamba lomaliza linathera pomwe bwanayo anagwidwa.

Ndinamufunsa tsiku, chaka, dzina la chipatala. Zonse anayankha ndendende, n'kundikumbutsanso kuti mapilitsi ake ndachedwa nawo.

"Nanga bwanji simunanene kuti ndi buku?"

"Simunandifunse," anatero. "Ndimayesa nkhaniyo mukuikonda. Ndinu nokha mumamvetsera."

Manyazi ake! Ndisaname, mtima wina unati tseka chikwamacho, palibe wakuona. Ndinali ndikadali poyesedwa ntchito, mwamuna wanga ndi ana atangofika kumene, tonse tikudalira yunifomu yangayo. Koma kumuyang'ana mkuluyo, tsitsi atapesa bwinobwino, akudikira tiyi wake, ayi ndithu. Ndinanyamula mapepala aja kupita kwa sisitala wamkulu wa wodi.

Mayiyo anawerenga tsamba limodzi, n'kuvula magalasi. "Munamuyeza musanalembe?"

"Ayi."

"Ndipo tonse tinangokopera." Anapuma mozama n'kukweza foni kuitana dokotala. Kundidzudzula anandidzudzula, mpaka makutu anatentha, koma za kundichotsa ntchito sanatchule. Masana omwewo dokotala anamuyeza mkuluyo n'kupeza kuti mutu uli bwinobwino, mafomu aja anaimitsidwa.

Tsiku lotuluka ndinamukankha ndekha panjinga ya odwala mpaka pakhomo. Tili m'njira ndinamuuza zonse zimene ndinalemba, n'kupepesa.

"Bwana wanu uja anatuluka m'ndendemo?" ndinafunsa titafika pakhomo.

"Anatuluka, tsitsi litachita imvi. Koma kwawo ku France sanakuonenso. Anafera kumalire komweko." Anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi a nyumba yake, akuwagwedeza. "Ine ndiye ndikupita kwathu, mwana wanga. Musalire."

Galimoto yomutenga itanyamuka ndinakhala pabenchi la panja, m'mphepo yozizira ija, n'kupuma mpweya umene ndinaugwira milungu iwiri. Ndinalirabe ndithu, koma kunali kulira kwa munthu amene watula mtolo.